Chifukwa chake tisitima ta sikelo ya S sitioneka kawirikawiri m'magazini akuluakulu

Munthu wokonda kumanga njanji ndi tisitima ta pathebulo akatsegula magazini yaikulu ya ku America ngati Model Railroader kapena Railroad Model Craftsman, nkhani zambiri zimene amapeza ndi za sikelo ya HO, kenako N. Wa sikelo ya S akhoza kuwerenga ya mwezi uno ndi ya mwezi wamawa osapezamo chake, kupatula kachilengezo ka malonda kumasamba akumapeto. Dandauloli ndi lakale pakati pa anthu a S, ndipo ambiri amaloza chala akonzi kuti ali ndi tsankho. Koma munthu akaonetsetsa mmene masamba a magazini amadzazidwira, amapeza kuti mkonzi ali ndi mphamvu zochepa kuposa mmene owerenga amaganizira. Zimene zimatuluka zimadalira amene akulipira malo otsatsira malonda, zimene mafakitale atulutsa mwezi umenewo, ndi nkhani zimene owerenga eniake atumiza zitakonzedwa bwino. Pa zitatu zonsezi sikelo ya S ili ndi zovuta zakezake.

Tiyambe ndi manambala, chifukwa popanda iwo nkhani yonseyi singamveke. Sikelo ndi muyeso wosonyeza kuti kasitima kachepetsedwa kangati poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Geji ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. HO ndi 1:87.1 pa geji ya mamilimita 16.5. N ndi 1:160 pa mamilimita 9. O ya ku America ndi 1:48 pa geji ya inchi imodzi ndi kota, pafupifupi mamilimita 32. S ili pakati pa HO ndi O: 1:64, kutanthauza kuti fiti imodzi ya sitima yeniyeni imakhala 3/16 ya inchi, ndipo geji yake ndi mamilimita 22.4. Bogi ya katundu yotalika mafiti 40 imatuluka mamilimita 140 mu HO, 190 mu S, ndi 254 mu O. Munthu wamtali mafiti 6 amakhala kachidole ka mamilimita 21 mu HO koma pafupifupi 29 mu S. Amene amakonda S amati kukula kumeneku n'koyenera manja ndi maso: tizigawo timagwirika, zolemba za pabogi zimawerengeka, koma njanji imakwanabe m'chipinda. Ndipo sakunama.

Mbiri imene inasiya chizindikiro

Magazini awiri tawatchula aja ndi akale kuposa S ya m'masitolo. Railroad Model Craftsman inayamba mu 1933 ili ndi dzina loti The Model Craftsman, Model Railroader inayambitsidwa ndi Al Kalmbach ku Milwaukee mu 1934, ndipo bungwe loika miyezo la NMRA linabadwa mu 1935. Kampani ya Cleveland Model and Supply inagulitsa zida zomangira tisitima ta 3/16 kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, koma chimene chinatchukitsa muyesowu ndi kampani ya A.C. Gilbert ya ku New Haven, m'boma la Connecticut. Gilbert anagula dzina la American Flyer, ndipo mu 1946 anatulutsa tisitima ta 1:64 toyenda pa njanji ya zitsulo ziwiri, pamene kampani yopikisana naye ya Lionel inali ndi njanji ya zitsulo zitatu. Tinagulidwa tambirimbiri ngati mphatso za ana pa Khirisimasi.

Apa m'pamene panayambira vuto. Anthu anadziwa S ngati zidole za ana, pa nthawi imene magazini ankadzipatula ku zidole n'cholinga chosonyeza kuti kumanga tisitima ndi luso la akuluakulu. HO inatenga malo amenewo m'zaka za m'ma 1950. Kampani ya Gilbert itagwa, Lionel inagula dzina la American Flyer mu 1967, ndipo kwa zaka zoposa khumi sipanatuluke tisitima tatsopano ta dzinali mpaka 1979. Zaka zimenezo n'zimene N inakula mofulumira ndi kukhala yachiwiri. Wolemba wa magazini amene anakula m'nyengo imeneyo sanaone S m'sitolo, choncho poganiza nkhani siyinkabwera m'mutu mwake. Zinthu zinasinthako pamene American Models inayamba kupanga tisitima ta pulasitiki m'zaka za m'ma 1980, kenako S-Helper Service. Koma makampani amenewa anali aang'ono, ndipo zikombole za S-Helper zinadutsa m'manja angapo: MTH inazigula mu 2012, kenako ScaleTrains mu 2021. Nthawi iliyonse zikombole zikasintha mwini pamakhala zaka zimene katundu satuluka, ndipo katundu akapanda kutuluka magazini alibe cholemba.

Mmene masamba amadzazidwira

Magazini ya mtundu umenewu imapeza ndalama kuchokera kwa olembetsa, ogula m'sitolo, ndi otsatsa malonda. Chiwerengero cha masamba a mwezi chimatsatira kuchuluka kwa malonda otsatsidwa: malonda akachepa, magazini imaonda, ndipo nkhani zoyamba kuchotsedwa ndi zimene zikukhudza owerenga ochepa. Makampani aakulu monga Athearn, Atlas, Walthers, Kato ndi Bachmann amagula masamba athunthu, ndipo katundu wawo wambiri ndi wa HO ndi N. Wopanga wa S nthawi zambiri ndi munthu mmodzi kapena awiri amene amaumba mabogi a resin kapena kudula matabwa a tinyumba ndi laser. Iyeyu akawerengera mtengo wa kota ya tsamba m'magazini yaikulu, amaona kuti n'kwanzeru kutsatsa m'kamagazini ka anthu a S okhaokha, kumene aliyense wowerenga akhoza kugula. Sakulakwitsa pa ndalama, koma zotsatira zake n'zakuti wowerenga wa HO samva n'komwe kuti katunduyo alipo.

Gawo la zinthu zatsopano ndi gawo loyesa katundu limadalira zimene opanga atumiza. Kuti mutu wa sitima uyesedwe, mkonzi ayenera kuulandira m'manja, kuuyeza poyerekeza ndi mapulani a sitima yeniyeni, kuona ngati mawilo ndi ngowe zolumikizira zikugwirizana ndi miyezo ya NMRA, kuuyendetsa pa liwiro losiyanasiyana, ndi kuyeza mphamvu yokoka. Kampani yotulutsa zikwi zambiri sikumva kupweteka ikapereka mutu umodzi. Wopanga mitu makumi ochepa, yomwe yonse inalipiridwa kale ndi amene anaitanitsa, alibe wotsala wotumiza. Komanso palibe phindu loyesa chinthu chimene pofika tsiku lotuluka magazini chidzakhala chitatha.

Ndiye palinso njanji zophunzitsira, zimene akonzi amamanga okha n'kumalongosola mwezi ndi mwezi kuti wongoyamba atsatire. Lamulo lake losalembedwa n'lakuti chilichonse chogwiritsidwa ntchito chipezeke mosavuta m'sitolo kapena pa intaneti pa nthawi imene nkhani ikutuluka. Mkonzi sangauze anthu zikwizikwi kuti afunefune mutu wa sitima umene unasiya kupangidwa zaka khumi zapitazo, wopezeka pamisika ya zakale yokha. N'chifukwa chake njanji zimenezi zimakhala za HO kapena N pafupifupi nthawi zonse.

Chotsala ndi nkhani zazitali zoonetsa njanji za anthu ndi nkhani za kamangidwe, ndipo zimenezi zambiri zimachokera kwa owerenga. Akonzi ndi ochepa, sangayende dziko lonse kujambula. Amasankha pa mulu wa zimene zafika. Ngati pa muluwo za S zili zochepa, ndipo mwa zochepazo zina zithunzi zake n'zosaoneka bwino, chotuluka chimakhala chochepa kwambiri. Kunena zoona, apa ndi pamene anthu a S ali ndi mphamvu zambiri, ndipo ndi pamenenso amazigwiritsa ntchito pang'ono.

Sikelo imodzi, magulu atatu

Chimene anthu akunja sadziwa n'chakuti S si gulu limodzi. Pali otolera ndi oyendetsa American Flyer yakale, ya magetsi a AC, mawilo a milomo yakuya (mlomo ndi m'mphepete motuluka mwa wilo, mmene mumaliteteza kuti lisatsike pa njanji), ngowe zikuluzikulu, ndi makhota othina a radiyasi ya mainchi pafupifupi 20. Pali a hi-rail, amene amamanga mapiri ndi matauni ooneka enieni koma amasunga mawilo a milomo yakuya ndi njanji yaitali msinkhu, monga code 148 ya American Models. Ndiye pali otsatira muyeso weniweni, amene amagwiritsa ntchito njanji ya code 100 kapena 83, mawilo a milomo yaifupi, ngowe zonga Kadee 802, ndi magetsi a DC kapena DCC (njira yolamulira mutu wa sitima uliwonse pawokha ndi mauthenga odutsa m'njanji). Nambala ya code ndi msinkhu wa chitsulo cha njanji m'magawo chikwi a inchi, choncho code 100 ndi 0.100 ya inchi, mamilimita 2.54.

Magulu amenewa sasinthana zida mosavuta. Mukaika bogi ya American Flyer pa njanji ya code 100, mlomo wa wilo umagunda timisomali togwira njanji ndipo bogi imadumphadumpha, ikafika pamphambano imakwera pamwamba n'kugwa. Mukatenga bogi ya mawilo opyapyala n'kuiyendetsa pamphambano yopangidwira milomo yakuya, wilo limagwera mumpata waukulu wa pamene zitsulo zimadutsana, kapena limalowera njira yolakwika. Ngowe nazo sizigwirana, ndipo mutu wa DC ukaikidwa pa thiransifoma ya AC mota imangolira n'kutentha, ikhoza kupsa. Opanga ena amaika mawilo a mitundu iwiri m'bokosi limodzi pofuna kugulitsa kwa onse.

Kwa mkonzi zimenezi zikutanthauza kuti nkhani imodzi ya S siyikondweretsa ngakhale anthu onse a S. Ndipo magulu aja amagawanika m'magazini osiyana. Nkhani ya American Flyer imapita ku Classic Toy Trains, imene inayamba mu 1987, komwe imapikisana ndi Lionel ndi O ya zitsulo zitatu. Nkhani ya Sn3, ndiye kuti 1:64 yoimira njanji yopapatiza ya mafiti atatu ngati ya kumapiri a Colorado, imapita ku Narrow Gauge and Short Line Gazette, ndipo kumeneko S imaoneka bwino ndithu chifukwa makampani onga P-B-L anaikamo mtima. Koma amene amamanga Sn3 amadziona ngati anthu a njanji zopapatiza poyamba, a S pambuyo. Zotsala za Model Railroader ndi Railroad Model Craftsman ndi kagawo ka gulu limene linali laling'ono kale.

Pamwamba pa izi pali magazini a S eniake. Bungwe la National Association of S Gaugers, limene linakhazikitsidwa mu 1960, lili ndi magazini ya mamembala yotchedwa The Dispatch. S Gaugian ya Donald Heimburger inayamba mu 1962, ngakhale inasiya kutuluka, ndipo pambuyo pake kunabweranso The S Scale Resource ya pa intaneti. Magazini amenewa anasunga sikeloyi yamoyo m'zaka zimene masitolo analibe kanthu. Koma alinso ngati msika wa m'mudzi umene umagula mbewu zonse zabwino zisanafike ku tauni: wolemba waluso amatumiza kumene akudziwa kuti nkhani yake ilandiridwa msanga, osamufunsa kuti ajambulenso zithunzi, ndipo owerenga ake ndi anzake omwe. Nkhaniyo imawerengedwa ndi anthu otembenuka kale.

Pali chinanso chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Chithunzi chojambulidwa bwino sichiulula sikelo. Cholinga cha wojambula ndi choti wowerenga aone ngati sitima yeniyeni, ndiye amabisa m'mphepete mwa thebulo, dzanja la munthu, ndi chilichonse choyerekezera kukula. Njanji ya S yomangidwa mwaluso imaoneka chimodzimodzi ndi ya HO yomangidwa mwaluso, ndipo wowerenga amene sanawerenge kabokosi ka manambala amapitirira akuganiza kuti waona HO. Choncho S imene imadziwika msanga pachithunzi ndi ya American Flyer ya njanji zazitali ndi ngowe zazikulu, ndipo zimenezo zimangolimbitsa maganizo akale aja oti S ndi zidole.

Kumene zinasintha

Kuti muone kuti nkhani yagona pa katundu ndi malonda, taonani On30, imene ndi 1:48 yoyenda pa njanji ya mamilimita 16.5. Inali ya anthu ochepa odzimangira okha mpaka Bachmann itayamba kutulutsa tisitima tokonzeka kale, totsika mtengo, mu 1998. Patangopita zaka zochepa nkhani za On30 zinachuluka, mpaka kunabadwa buku lapachaka la sikelo imeneyi yokha. Ku Britain zinachitikanso ndi TT:120, ya 1:120 pa geji ya mamilimita 12. TT inayambira ku America m'zaka za m'ma 1940 ndi kampani ya H.P. Products, inazimiririka kumeneko, koma inakhazikika ku East Germany ndi mayiko oyandikana nawo, komwe Tillig ikupangabe mpaka lero. Peco ndi Hornby atalengeza zida za TT:120 mu 2022, magazini a ku Britain amene kwa zaka zambiri sankaitchula anayamba kulemba mapulani a njanji ndi kuyesa mitu ya sitima. Akonzi anali omwewo. Chinasintha n'chakuti wowerenga tsopano akanatha kugula zimene waona.

Ndipo S yeniyeniyo si yaing'ono paliponse. Ku New Zealand, 1:64 pa njanji ya mamilimita 16.5 ndiyo njira yodziwika kwambiri yomangira sitima za dzikolo, chifukwa njanji zawo n'za mafiti atatu ndi theka, mamilimita 1,067. Mukachulukitsa 16.5 ndi 64 mumapeza 1,056, kusiyana kwa mamilimita 11 okha pa njanji yeniyeni, komwe pathebulo sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Geji ya 1,067 ndi yomweyo ya njanji za Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi njira ya ku Nacala, choncho wofuna kumanga siteshoni ya Limbe kapena mphambano ya Nkaya molondola akhoza kutenga njanji, mawilo ndi mamota a HO, n'kumanga matupi a mabogi pa 1:64. Njira ina ndi 1:87 pa njanji ya TT, imene imapereka 1,044. Kuika sitima za kuno pa HO wamba kumachititsa njanji kuoneka yotakata kwambiri, chifukwa 16.5 pa 1:87 imaimira mamilimita 1,435.

Kukonza nkhani imene mkonzi sangaikane

Poyamba, nkhani isakhale yolalikira S. Nkhani ya mutu woti S ndiyo sikelo yabwino koposa siyipita patali, chifukwa owerenga ambiri anaika kale ndalama zawo kwina ndipo safuna kuuzidwa kuti analakwitsa. Imene imadutsa ndi yophunzitsa luso limene aliyense angagwiritse ntchito: kupenta bogi kuti ioneke ya dzimbiri, kumanga mlatho wa matabwa, kuyala njanji pamanja, kuika decoder (kachipangizo kolandira mauthenga a DCC) ndi sipika m'mutu wa sitima. Ntchitoyo ichitikire pa kasitima ka S, ndipo ndime yoyamba kapena yachiwiri inene zimenezo momveka. Apa S ili ndi mwayi, chifukwa tizigawo take n'tokulirapo ndipo zithunzi za sitepe ndi sitepe zimaoneka bwino.

Miyezo ilembedwe m'mafiti ndi mainchi a chinthu chenicheni, kenako pakhale njira yosinthira. Pulani ya S ikafuna kukhala ya HO, ichepetsedwe kufika pa 73.5 peresenti. Ya HO kupita ku S ikuzidwe kufika pa 136 peresenti. Ya O kupita ku S ndi 75 peresenti, ya S kupita ku O ndi 133, ya S kupita ku N ndi 40. Papulani iliyonse pajambulidwe kamzere kosonyeza mafiti 10, chifukwa magazini amachepetsa zojambula kuti zikwane patsamba, ndipo makina a fotokope sakuza ndendende. Cholakwika chofala ndi kulemba mndandanda wa zida ndi manambala a katundu wa S okha. Wowerenga wa HO akaona kuti palibe chimene angagule, amatembenuza tsamba. Pafupi ndi chida chilichonse palembedwe kukula kwake kwenikweni, mwachitsanzo thabwa loimira mainchi 2 ndi 6, kuti aliyense apeze lake.

Pa pulani ya njanji pamafunika kunena zoona za malo. Kukula ndi 1.36 m'litali kumatanthauza 1.85 pa malo apansi, pafupifupi kawiri. Thebulo lotchuka la HO la mafiti 4 ndi 8, lomwe ndi mamita 1.22 ndi 2.44, limakhala mamita 1.66 ndi 3.32 mu S, ndipo pakati pake dzanja silifika. Khota la mainchi 18 mu HO limafanana ndi la 24.5 mu S, la 24 limafanana ndi la pafupifupi 33. Choncho njanji za S zimene zimakopa mkonzi kawirikawiri ndi za pashelefu yotsatira khoma, yosapitirira masentimita 60 mpaka 75 m'lifupi. Pulaniyo itumizidwe itajambulidwa pa sikelo, yosonyeza makoma, chitseko, radiyasi yocheperapo, nambala ya mphambano (yosonyeza kuthina kwa kupatuka kwake), kutsetsereka m'maperesenti, ndi msinkhu wa njanji kuchokera pansi. Akatswiri a magazini adzaijambulanso mwa kalembedwe kawo, koma sangapeke manambala amene palibe.

Zithunzi ndi zimene zimagwetsa nkhani zambiri. Magazini amasindikiza pa madontho 300 pa inchi, ndiye tsamba lathunthu limafuna chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 2,550 ndi 3,300, ndipo chodutsa masamba awiri chimafuna kawiri m'lifupi. Tumizani mafayilo oyambirira a kamera. Chithunzi chodutsa pa WhatsApp kapena Facebook chimafinyidwa, ndipo pa foni chimaoneka bwino koma papepala chimasweka. Vuto lalikulu pojambula pafupi ndi lakuti kachigawo kochepa kokha n'kamene kamaoneka bwino: kutsogolo kwa mutu wa sitima kumaoneka, bogi yachitatu ili mbuu. Zimenezi n'zimene zimaulula msanga kuti ndi kachidole. Mankhwala ake ndi kuika kamera pa miyendo itatu, ISO pa 100, kabowo ka lenzi pa f/16 kapena f/22, n'kulola kamera itsegule kwa masekondi angapo pogwiritsa ntchito timer kuti dzanja lisaigwedeze. Mukathinitsa kabowo kupitirira pamenepo chithunzi chonse chimayamba kufewa. Njira yabwino koposa ndi kujambula zithunzi 10 mpaka 20 pa f/8, chilichonse cholunjika patsogolo pang'ono kuposa chinzake, n'kuziphatikiza pa kompyuta ndi pulogalamu yonga Helicon Focus. Sitima ndi kamera zisasunthe ngakhale pang'ono pakati pa zithunzizo.

Kamera ikhale pamsinkhu wa diso la munthu woima m'mbali mwa njanji. Mamita 1.6 mukagawa ndi 64 mumapeza mamilimita 25, choncho lenzi iyenera kukhala pafupifupi pathebulo penipeni, ndipo foni yotembenuzidwa mutu pansi imafika pamenepo mosavuta kuposa kamera yaikulu. Chithunzi chimodzi chokha chapamwamba chosonyeza chipinda chonse n'chokwanira. Magetsi asasakanizidwe: babu lachikasu la 2,700K pamodzi ndi loyera la 5,000K limapereka mbali ina yofiirira ndi ina yabuluu, ndipo zimenezi sizikonzeka bwino pa kompyuta. Flash ya pakamera izimitsidwe, chifukwa imayeretsa kutsogolo n'kuponya mthunzi wa phiri pa thambo lopentedwa. Musanajambule pukutani fumbi ndi kaburashi kofewa ndipo onani wilo lililonse ngati lili pa njanji. Wilo limodzi lotsika, limene diso silinaone, limaoneka lalikulu patsamba ndipo chithunzicho chimatayidwa.

Wofuna kufika pachikuto ajambule choimirira, osati chogona, asiye gawo limodzi mwa atatu lapamwamba lili thambo kapena phiri loti pakhale dzina la magazini, ndi malo ena kumbali a mitu ya nkhani. Anthu ambiri amajambula zogona zokhazokha, ndipo mkonzi ngakhale ataikonda njanjiyo alibe choika pachikuto.

Pofuna kuthana ndi vuto lija la sikelo yosadziwika, pakhale chithunzi chimodzi choonetsa bogi ya S pambali pa ya HO ya mtundu womwewo, ndipo mawu ofotokoza zithunzi atchule wopanga mutu uliwonse ndi zimene zinasinthidwa. Ndi bwinonso kutchula kumene zinthu zina zinachokera, chifukwa wowerenga amaganiza kuti mu S mulibe chogula. Timagalimoto tachitsulo ta 1:64 ndi timathirakitala ta Ertl timapezeka paliponse, ngakhale tina ta Hot Wheels ndi Matchbox timapangidwa kuti tikwane m'paketi osati pa sikelo, ndiye tiyezedwe kaye. Fakitale yaikulu ya HO imasanduka fakitale yaing'ono ya S mukasintha zitseko, masitepe ndi kuwonjezera maziko. Makina osindikiza a 3D achepetsa kwambiri vuto la tizigawo tosowa, popeza fayilo imodzi ikhoza kusindikizidwa pa sikelo iliyonse, bola makoma opyapyala aonedwenso pochepetsa.

Musanalembe zonse, tumizani kalata yaifupi kwa mkonzi yofotokoza nkhaniyo m'ndime imodzi, ndi zithunzi zitatu kapena zinayi zabwino koposa. Magazini iliyonse ili ndi malangizo a olemba patsamba lake la pa intaneti, ndipo awerengedwe atsopano chifukwa eni ake amasintha: Railroad Model Craftsman inapita ku White River Productions mu 2014, Model Railroader ku Firecrown Media mu 2024. Nkhani imodzi isatumizidwe ku magazini awiri nthawi imodzi, ndipo zithunzi zake zisamwazidwe pa intaneti isanatuluke, chifukwa mkonzi amafuna zimene owerenga sanaone. Ikalandiridwa ikhoza kudikira miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, poti masamba amakonzedwa kale kwambiri ndipo mkonzi amasakaniza masikelo, nyengo ndi madera. Kudikirako kumafupika kwa nkhani yaifupi ya tsamba limodzi kapena awiri, chifukwa imakwana pampata umene watsala malonda atayalidwa, pamene ya masamba asanu ndi atatu imayenera kupeza mwezi wakewake.